Makabohaidireti salembedwa pa chitini: mmene manambala a chakudya cha mphaka wodwala shuga amapezekera

Dokotala wa ziweto akatsimikiza kuti mphaka ali ndi matenda a shuga, nthawi zambiri amapereka malangizo awiri: mankhwala otsitsa shuga, ndi chakudya cha makabohaidireti ochepa (makabohaidireti ndi zinthu monga sitachi ndi shuga). Za mankhwala n'zomveka, chifukwa mlingo wake amakulemberani. Za chakudya ndi zimene zimazunguza mutu. Mwini mphaka amatenga chitini, kuchitembenuza, kuwerenga tizilembo takumbuyo, n'kupezapo mapuloteni, mafuta, fayiba ndi madzi. Makabohaidireti palibe. Akafufuza pa intaneti, wina akuti chakudya chimenecho chili ndi 2 peresenti, wina akuti 9, wina akuti 14, onsewo akunena chitini chimodzi chomwecho. Kawirikawiri palibe amene akunama. Aliyense wawerengera mwanjira yake, ndipo ambiri atengera manambala amene sanalembedwere ntchito imeneyo.

Mphaka, nyama ndi shuga

Thupi la mphaka ndi la mlenje wodya nyama. M'malovu ake mulibe amylase, enzaimu imene mwa anthu imayamba kuphwanya sitachi chakudya chikadali m'kamwa. Chiwindi chake sichichita changu kukolola shuga akalowa wambiri nthawi imodzi m'magazi, chifukwa enzaimu ya glucokinase, imene imagwira ntchitoyi mwa anthu ndi agalu, mwa iye ndi yofooka kwambiri. Shuga amene ubongo wake umafuna amadzipangira yekha kuchokera ku mapuloteni, usana ndi usiku. Ngakhale lilime lake silimva kutsekemera: mu 2005 ofufuza a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa kuti jini imodzi yofunika kuti nyama imve kukoma kwa shuga sigwira ntchito mwa amphaka. Mu 2011 Plantinga ndi anzake a ku Netherlands anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wa zimene amphaka odzisakira okha amadya, ndipo anapeza kuti pa mphamvu zonse za chakudya chawo, 52 peresenti imachokera ku mapuloteni, 46 ku mafuta, 2 yokha ku makabohaidireti.

Izi sizikutanthauza kuti sitachi ndi poizoni kwa mphaka. Wathanzi amagaya bwino sitachi yophikidwa. Vuto limakula kapamba akafooka. Amphaka ambiri odwala shuga ali ndi mtundu wofanana ndi wachiwiri wa anthu: thupi limasiya kumvera insulini (homoni yotsitsa shuga m'magazi), kapamba amadzipanikiza kupanga yambiri, mapeto ake amatopa. Kunenepa, kukhala osathamangathamanga, ukalamba ndi mankhwala a steroid zimakolezera, ndipo amphongo amadwala kwambiri kuposa aakazi. Kafukufuku wa m'zipatala za ziweto ku England amene anatuluka mu 2016 anapeza matendawa mwa mphaka mmodzi pa amphaka pafupifupi 200 alionse.

Chimene chimapangitsa anthu kulimbikira nkhani ya chakudya ndi chakuti mwa mphaka matendawa amatha kuzilala. Shuga wokwera amawononga maselo opanga insulini, koma akatsitsidwa msanga maselo otsala amatsitsimuka, mpaka mphaka n'kusiya kufuna jakisoni kwa miyezi kapena zaka. Mu 2006 Bennett ndi anzake anayerekeza zakudya ziwiri za m'chitini pa amphaka 63 kwa milungu 16. Mwa amene ankadya chakudya chimene 12 peresenti ya makalori ake (muyezo wa mphamvu za chakudya) inali yochokera ku makabohaidireti, 68 peresenti anasiya insulini. Mwa amene ankadya cha 26 peresenti komanso cha fayiba yambiri, anasiya ndi 41 peresenti. Malangizo a International Society of Feline Medicine a mu 2015 amatchula malire a 12 peresenti ya makalori, kapena magalamu 3 pa makalori 100 alionse, ndipo a American Animal Hospital Association a mu 2018 amanenanso pafupifupi 12 yemweyo, pamodzi ndi mapuloteni osachepera 40 peresenti ya makalori. Nambala yofunafuna ndi imeneyo. Kuipeza ndiye ntchito.

Nambala yopezeka pochotsera

Njira imene makampani amayezera chakudya cha ziweto ndi yakale kwambiri. Anaikonza Wilhelm Henneberg ndi Friedrich Stohmann cha m'ma 1860 pa malo ofufuzira za ulimi a ku Weende, pafupi ndi Göttingen ku Germany, ndipo ankaganizira za chakudya cha ng'ombe ndi ziweto zina za m'khola. Chakudya amachiumitsa kuti adziwe madzi amene anali mmenemo. Amachitentha mpaka kutsala phulusa, limene limaimira mchere wa m'thupi monga kashiamu ndi fosiforasi. Mafuta amawasungunula ndi mankhwala n'kuwayeza. Fayiba amaipeza powiritsa chakudyacho mu asidi kenako mu alikali n'kuona chimene chakana kusungunuka. Mapuloteni sawayeza mwachindunji: amayeza naitirojeni n'kuchulukitsa ndi 6.25. Kufooka kwa njira imeneyi kunaonekera mu 2007, pamene melamine, mankhwala odzaza naitirojeni, anathiridwa m'zopangira chakudya kuti mapuloteni aoneke ambiri, ndipo amphaka ndi agalu ambiri ku America anadwala impso, ena n'kufa.

Makabohaidireti sayezedwa n'komwe m'njira imeneyi. Munthu amaphatikiza madzi, phulusa, mafuta, mapuloteni ndi fayiba, n'kuchotsa zonsezo pa 100. Chotsalacho amachitcha "nitrogen-free extract", kapena NFE, ndipo ndicho anthu amatcha makabohaidireti a chakudyacho. Cholakwika chilichonse pa zisanu zoyambazo chimakathera m'chotsalachi. Komanso chotsalachi si sitachi ndi shuga zokha. Kuwiritsa mu asidi kumasungunula fayiba ina yambiri, monga pectin ndi guar gum imene amalimbitsira zakudya za m'chitini, motero fayiba imeneyo imakawerengedwa ngati makabohaidireti ngakhale siikweza shuga wa m'magazi mofanana ndi sitachi.

"Osachepera" ndi "osapitirira"

Apa ndi pamene ambiri amapunthwira. Ku America, zolembedwa pa chakudya cha ziweto zimatsata malamulo achitsanzo a bungwe la AAFCO, la akuluakulu oyang'anira zakudya za ziweto, ndipo bokosi la manambala limatchedwa "guaranteed analysis". Manambala a mmenemo si zimene zinapezeka poyeza. Ndi lonjezo la malire: mapuloteni osachepera akuti, mafuta osachepera akuti, fayiba yosapitirira yakuti, madzi osapitirira akuti. Phulusa nthawi zambiri sililembedwa, choncho wowerengera amangoganizira, mwina 2 kapena 3 peresenti pa chakudya cha m'chitini. Zili ngati kufuna kudziwa chenji chimene chatsala m'thumba pamene chimene mukukumbukira n'chakuti chinthu china munagula ndalama zosachepera zakuti, china zosapitirira zakuti, ndipo chachitatu mwaiwala mtengo wake. Chenjicho chikakhala chachikulu, kuphonyako sikudetsa nkhawa. Chikakhala chaching'ono, mukhoza kuchichulukitsa kawiri kapena kuchifafaniza chonse.

Tiyerekeze ndi chitini chongopeka. Pa magalamu 100 alionse palembedwa kuti mapuloteni osachepera 10, mafuta osachepera 5, fayiba yosapitirira 1, madzi osapitirira 78, phulusa losapitirira 2.5. Zonsezi zikukwana 96.5, ndiye makabohaidireti akuoneka ngati 3.5. Tsopano tinene kuti kampaniyo yatipatsa zimene imapeza ikayeza: mapuloteni 11.5, mafuta 6.5, fayiba 0.4, madzi 77.5, phulusa 2.1. Izi zikukwana 98, ndipo makabohaidireti atsala 2. Palibe lonjezo limene laphwanyidwa, koma nambala imene ikutikhudza yatsika pafupifupi ndi theka. Kuphonyaku kumapitanso mbali inayo. Ngati palembedwa madzi osapitirira 84 koma enieni ndi 81, magalamu 3 amenewo akhoza kukhala sitachi ya mu msuzi imene masamu a pa chitini sanaione. Nthawi zina manambala a pa chitini amapitirira 100 mukawaphatikiza, n'kupereka makabohaidireti osakwana ndi ziro yemwe, chizindikiro choti masamuwo sangadaliridwe.

Ku Ulaya zinthu n'zosiyanako. Lamulo la European Union la nambala 767/2009 limafuna "analytical constituents", manambala oimira zimene zilimo, ndi mpata wochepa wololedwa wosiyana nazo. Phulusa liyenera kulembedwa, ndipo madzi ayenera kulembedwa akapitirira 14 peresenti. Kuchotsera pa manambala amenewa kumafikako pafupi ndi zoona, ngakhale mpata wololedwawo ukadali waukulu poyerekeza ndi magalamu 2 kapena 3 amene tikufuna kudziwa. Ku America nako zikusintha: mu 2023 AAFCO inavomereza kalembedwe katsopano, ka bokosi lotchedwa "Pet Nutrition Facts", lokhala ndi makabohaidireti onse ndi fayiba yoyezedwa mwanjira yamakono. Makampani anapatsidwa zaka zingapo kuti asinthe, motero zitini zakale ndi zatsopano zikhala zikupezeka limodzi kwa kanthawi.

Peresenti ya chiyani?

Ngakhale mutapeza manambala oyezedwa bwino, pali njira zitatu zowanenera, ndipo zimapereka mayankho atatu. Yoyamba ndi ya chakudya mmene chilili, madzi ndi zonse, imene makampani amalemba kuti "as fed". Pa chitini chathu chija yankho ndi 2 peresenti. Yachiwiri ndi yochotsa madzi, "dry matter". Madzi akakhala 77.5, chouma ndi 22.5, ndipo 2 kugawa ndi 22.5 kukupereka pafupifupi 9 peresenti. Njira imeneyi ndi imene imathandiza kuyerekeza chakudya chonyowa ndi chouma. Thumba la timibulu touma lolembedwa mapuloteni 34 limaoneka ngati laposa chitini cha 11.5, koma mukachotsa madzi, timibulu ta madzi 8 peresenti tili ndi 37 pamene chitinicho chili ndi 51.

Yachitatu ndi ya makalori, yolembedwa "% ME" (gawo la mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudyacho), ndipo ndi imene malangizo a madokotala amatanthauza akamati 12. Mphaka amadya kuti apeze mphamvu, choncho funso lenileni n'lakuti pa mphamvu zimene adzalandire, ndi gawo lanji lidzachokera ku makabohaidireti. Wilbur Atwater, katswiri wa ku America wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anawerengera kuti m'chakudya cha anthu galamu ya mapuloteni imapereka makalori 4, ya mafuta 9, ya makabohaidireti 4. Pa chakudya cha ziweto manambalawa amawatsitsa kukhala 3.5, 8.5 ndi 3.5, poganizira kuti sichigayika chonse. Chitini chathu chikupereka makalori 40.25 a mapuloteni, 55.25 a mafuta ndi 7 a makabohaidireti, onse pamodzi 102.5. Gawo la makabohaidireti ndi pafupifupi 7 peresenti, ndiye chakudyacho chili m'kati mwa malire. Tikanatengera manambala a malonjezo aja, tikanapeza pafupifupi 14 peresenti n'kuchikana chakudya chabwinobwino.

Mukamva nambala, funsani kaye kuti ndi peresenti ya chiyani, ndiponso kuti yachokera pa malonjezo kapena pa zoyeza. Mndandanda umene sunena zimenezi, ine sindiudalira, kaya wakonzedwa mooneka bwino chotani.

Mawu a kutsogolo kwa paketi

Kutsogolo kwa paketi ndi malo a otsatsa malonda. Mawu akuti "grain-free" amangotanthauza kuti mulibe mbewu monga tirigu, chimanga kapena mpunga. M'malo mwake amaikamo mbatatesi, nsawawa, mphodza kapena ufa wa chinangwa, zonsezo zodzaza sitachi. Chakudya chouma chimafuna sitachi kuti timibulu tiumbike ndi kufufuma potuluka m'makina otentha, njira imene Purina inayamba kugwiritsa ntchito pa chakudya cha ziweto m'ma 1950. N'chifukwa chake si zachilendo kupeza timibulu timene gawo limodzi mwa magawo atatu a makalori ake likuchokera ku makabohaidireti, ngakhale pali mitundu ingapo youma imene inatsitsidwa kwambiri. Pa zakudya zonyowa, za nthuli zosambira mu msuzi wokhuthala kawirikawiri zimakhala ndi makabohaidireti ambiri kuposa zopera zolimba, chifukwa msuziwo amaukhuthalitsa ndi sitachi. Mndandanda wa zopangira umathandiza kuona ngati sitachi ilimo, koma umasanjidwa potsata kulemera madzi ali momwemo, ndiye sukuuzani kuchuluka kwake.

Palinso zakudya zopangidwira odwala shuga zimene zimaperekedwa kudzera kwa madokotala, monga DM ya Purina, m/d ya Hill's ndi za Royal Canin. Ubwino wake ndi wakuti makampaniwa amatulutsa manambala athunthu. Komabe dzina limodzi likhoza kukhala ndi mtundu wonyowa ndi wouma, ndipo woumawo umakhala ndi makabohaidireti ochulukirapo. Zakudya zina wamba za m'chitini zimafika pa mlingo womwewo kapena kutsikirapo. Madokotala ena amakonda zapaderazi chifukwa kapangidwe kake sikasinthasintha, ena amavomereza zawamba malinga manambala ake adziwike.

Mawu amodzi ofunika kuwayang'ana ndi onena ngati chakudyacho n'chokwanira pachokha. Tizitini tina ta nyama kapena nsomba yokhayokha tilibiretu makabohaidireti, koma timalembedwa "complementary" kapena "for intermittent or supplemental feeding only", kutanthauza kuti n'tongowonjezera. Mphaka wodya timeneti tokha amaperewera kashiamu, mavitamini ndiponso mwina taurine, chinthu chofunika chopezeka mu nyama, chimene kusowa kwake kunapezeka mu 1987 ku University of California, Davis kuti kumafooketsa mtima wa mphaka.

Kumene manambala odalirika amachokera

Gwero labwino ndi kampani yopanga chakudyacho, mukaifunsa funso loyenera. Pemphani "typical analysis" ya mtundu weniweniwo ndi kakomedwe kenikeniko, chifukwa cha nkhuku ndi cha nsomba za kampani imodzi zimasiyana. Pemphani mapuloteni, mafuta, makabohaidireti ndi fosiforasi pa makalori 100, kapena monga gawo la makalori, ndipo funsani ngati sitachi inayezedwa payokha. Akakutumiziraninso manambala a pa chitini omwe aja, sanakuyankheni. Bungwe la WSAVA, la madokotala a ziweto zazing'ono padziko lonse, lili ndi mafunso amene limalimbikitsa anthu kufunsa makampani, ndipo limodzi ndi lomweli: kodi kampaniyo ingapereke nambala yeniyeni ya chinthu chilichonse cha m'chakudyacho ikafunsidwa? Kampani imene imakana yakuuzani kale kanthu.

Mindandanda ya pa intaneti, imene madokotala ena ndi eni amphaka amasonkhanitsa, yathandiza anthu ochuluka ndipo ndi poyambira pabwino. Chofooka chake ndi nthawi. Makampani amasintha kapangidwe ka chakudya osasintha dzina, ndipo chakudya cha dzina lomwelo chimatha kukhala chosiyana m'mayiko awiri. Onani chaka chimene mndandandawo unalembedwa, dziko lake, ndi kumene manambalawo anachokera. Timapulogalamu towerengera makabohaidireti timangochita masamu ochotsera aja mofulumira. Mukatipatsa malonjezo, tikubwezerani yankho la malonjezo.

Mboni yomaliza ndi magazi a mphakayo. Kuyeza shuga kunyumba pobaya pang'ono m'mphepete mwa khutu, kapena ndi kachipangizo komata pakhungu monga FreeStyle Libre, kumaonetsa mmene chakudya chikumuyendera mphaka ameneyo, osati mphaka wa m'buku. Kuchipatala amphaka ambiri shuga wawo amakwera ndi mantha, n'chifukwa chake madokotala amayezanso fructosamine, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa mlungu umodzi kapena iwiri yapitayo.

Chenjezo pa kusintha chakudya

Nkhani iyi ndiinena mosapita m'mbali. Mphaka amene akubayidwa insulini asasinthidwe chakudya mwadzidzidzi dokotala asakudziwa. Makabohaidireti akatsika, insulini imene thupi likufuna imatha kutsika m'masiku ochepa, ndipo mlingo umene unali woyenera dzulo ukhoza kugwetsa shuga mpaka mphaka kufooka, kudzandira, kunjenjemera kapena kukomoka. Kusinthaku kumayenda pang'onopang'ono, shuga akuyezedwa, mlingo ukuunikidwanso. Ndipo musamugoneke ndi njala pofuna kuti agonje adye chatsopanocho. Mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza chiwindi chake, matenda amene amapha. Chakudya cha 15 peresenti chimene akudya chimaposa cha 5 peresenti chimene akungochinunkhiza n'kuchoka.

Mafunso amene akadalipo

Malire enieni sanakhazikike. Nambala ya 12 inachokera kwambiri pa zakudya zimene zinagwiritsidwa ntchito m'kafukufuku wochepa amene alipo, ndipo madokotala ena ndi eni amphaka ambiri amafuna zosakwana 10, ena zosakwana 6. Mu 2014 Gostelow ndi anzake ataunika kafukufuku yense wa kuzilala kwa matendawa, anapeza kuti umboni wake ndi wofooka, chifukwa amphaka oyesedwa anali ochepa ndipo njira zinali zosiyanasiyana. N'kovutanso kulekanitsa chimene chikuthandiza kwenikweni, popeza mukatsitsa makabohaidireti, mapuloteni kapena mafuta amakwera, ndipo chakudya chonyowa chimakhutitsa ndi makalori ochepa, mphaka n'kuyamba kuchepa thupi. Kodi phindu likuchokera ku makabohaidireti ochepawo, ku mapuloteni, kapena ku kutsika kwa sikelo?

Akatswiri sagwirizananso ngati chakudya chouma chimayambitsa matendawa mwa mphaka wathanzi. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2009 analoza chala kukhala m'nyumba ndi kusathamanga, osati timibulu, pamene wa ku Sweden wa mu 2017 anapeza kuti chakudya chouma chimayendera limodzi ndi matendawa mwa amphaka osanenepa. Mtundu wa sitachi nawo ukufufuzidwabe, ngati ya mpunga ndi ya nsawawa zimakweza shuga mosiyana mokwanira kuti zisinthe chisamaliro. Kwa mphaka wokalamba wodwala shuga ndi impso nthawi imodzi, zofuna ziwirizi zimakokerana, chifukwa zakudya zambiri za mapuloteni ochuluka zilinso ndi fosiforasi wambiri, ndipo dokotala amayenera kusankha matenda oti ayambe kuwalabadira.

Funso latsopano labwera ndi mankhwala akumwa. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zakudya ku America, linavomereza Bexacat mu Disembala 2022 ndi Senvelgo mu 2023, mankhwala otulutsa shuga kudzera mu mkodzo, a amphaka amene sanayambe abayidwapo insulini. Ngozi yake yaikulu ndi ketoacidosis, kuchuluka koopsa kwa asidi m'magazi, imene imatha kubwera shuga wa m'magazi akuoneka wabwinobwino. Kafukufuku wa zakudya amene malangizo amatsamirapo anachitika pa amphaka obayidwa insulini, ndiye mlingo wa makabohaidireti woyenera mphaka wa pa mankhwala atsopanowa ukudikirabe kafukufuku wakewake.